Sipanala Itakana pa Zalewa

"Mai a Joyi, munthu akadzabwera ndi sipanala yake, mudzamubweze pa geti pomwepo." Anandiuza zimenezi amuna anga, a Waisoni, kutatsala milungu iwiri kuti atisiye. Ankanena za Dona.

Dona ndi galimoto. Kagalimoto kobiriwira ka ku Mangalande, ka mipando iwiri yokha, denga lake la tenti, matayala a masipoko ngati njinga, kafupi mwakuti ukakhalamo umatha kuthyola udzu wa m'mbali mwa msewu. Anali wa mkazi wa bwana wina ku esiteti ya tiyi kumene a Waisoni anagwirako umakaniko mpaka imvi. Azunguwo pobwerera kwawo anamusiya atafa kuseri kwa shedi, nkhuku zikuikiramo. A Waisoni anamupempha, namukoka ndi thirakitala mpaka kwathu kuno ku Limbuli, ndipo anamudzutsa okha, bawuti imodziimodzi, zaka zinayi. Anthu ankati ndili pa mitala, ndipo sankanama. Loweruka lililonse woyamba kusambitsidwa anali mkazi mnzangayo.

Za sipanalazo ndikuuzeni, kuti mumve bwino zomwe zinandichitikira. Manati a Dona ndi a mainchi. Masipanala a masiku ano ndi a mamilimita, ndipo ukawakakamiza pa nati ya mainchi amaterereka n'kudya makona, natiyo n'kukhala yobulungira ngati nsawawa, osamasukanso. A Waisoni anali ndi masipanala awoawo asanu ndi anayi, okulunga m'kapulana wakale wa amayi anga. Atamwalira ndinawaika pansi pa matiresi.

Zaka zisanu ndi zinayi Dona anakhala m'shedi, atakhazikidwa pa milu inayi ya njerwa kuti matayala asaole. Ine sindinamusiye. Loweruka lililonse ndinkalowetsa handulo pa kabowo kakutsogolo n'kupukusa injini kakhumi kuti isagwirane. Ndinkathira kasupuni ka oilo m'makabuleta ake awiri, omwe ife pakhomo tinkangowatchula kuti mabelu chifukwa cha maonekedwe ake. Ndinkadzoza masipoko girizi, mphaka ndinkamugoneka pa mpando wa dalaivala. Ogula anabwera ambiri. Wina anabwera ndi tayi, wina ndi pemphero, wina anati ndi mdzukulu wa a Waisoni wa ku Milanje yemwe sindinamumvepo. Onse ankanyamula kachikwama ka zitsulo, ati angoonako injini. Onse ndinawabweza pa geti.

Feston, mwana wanga wotsiriza yemwe amakhala ku Lilongwe, anabwera chimanjamanja.

Anakhala pakhonde, nandipatsira foni. Anali Tadala, mwana wake woyamba, yemwe ndinamulera ndekha mpaka sitandade faifi mayi ake ali ku kozi. "Agogo," anatero, "pa ukwati wanga ndikufuna ndikatuluke m'tchalitchi pa galimoto ya agogo aamuna. Sanandione nditakula. Andiperekezeko ndi galimoto yawo." Ine munthu sindimukhulupirira, ngakhale wogawa mgonero ndimamuyang'ana m'manja. Koma mawu a mwana uja anandipeza pofewa.

"Mabuleki ndi matayala basi, amayi," anatero Feston. "Mwezi umodzi pa garaja ku Limbe. Ndipatseninso masipanala a ababa aja."

"Masipanala sachoka pakhomo pano."

"Nanga akagwira bwanji ntchito?"

"Wati mabuleki ndi matayala. Matayala amamasula ndi hamala."

Mumtima ndinkati ndawatsekera njira: popanda masipanala aja palibe amene angafike pa mtima wa Dona. Ndinaikanso lamulo loti ulendo wa ku Lilongwe ndidzakwera ndine pa Dona, osati basi ngati ena onse. Feston anavomera msanga, ndipo kufulumirako sikunandisangalatse.

Patatha mwezi, Feston anamubweza Dona Lachinayi dzuwa likupendeka, ukwati uli Loweruka. Ndinali kuseri ndikusenda nandolo. Ndinamva galimoto ikulowa pa geti koma sindinadzuke, chifukwa sanali mawu a Dona. Dona amayamba watsokomola kawiri, kenako amabangula pansipansi ngati nkhunzi yomwe ili kutsidya kwa mtsinje. Mawu amenewo ndinkawamva a Waisoni adakali pa msika, n'kuteleka madzi a tiyi. Iyi inkangong'ung'udza ngati makina osokera.

"Ndi sevisi, amayi," anatero Feston nditamufunsa. "Tasintha ekizozi."

Penti anali atapaka yatsopano, yonyezimira. Ndinapita kutsogolo kuti nditsegule boneti, ndipo ndinapeza kaloko kakang'ono ka golide katalendewera pamenepo.

"Ku Limbe kuli akuba, amayi."

"Kuno ndi ku Limbuli. Kiyi ali kuti?"

"Ali pansi pa chikwama. Mawa."

M'mawa mwake ndinatuluka ndi handulo yanga. Ndinailowetsa pa kabowo kaja, ndipo inangolowa pang'ono n'kugunda chinthu m'kati. Feston anati ndisavutike, batire ndi latsopano. Anapotokola kiyi kamodzi, injini n'kulira. Atasuntha galimoto ndinawerama kuyang'ana pomwe inagona. Pansi panali pouma. A Waisoni ankati Dona akadzasiya kudontha oilo ndiye kuti oilo watha. Usiku wathunthu, ngakhale dontho limodzi.

Mwina mukufunsa kuti ndinakwereranji. Ndikanatsala, galimoto ikanapita popanda ine, kiyi wa loko ali m'thumba mwa Feston. Mbala ukaikayikira umayenda nayo limodzi. Ndinaika zinanazi zinayi ndi kathumba ka kalongonda kumbuyo, chitenje cha ukwati m'jumbo, handulo kumapazi, masipanala pamiyendo.

Tinanyamuka kukuwaza chiperoni. Tisanafike pa boma tenti inayamba kudontha, madzi n'kumagwera pa bondo langa lamanzere, malo omwewo omwe ankagwera kale. Ndinakondwera nako kudonthako. Chinali chinthu choyamba choona kuyambira dzulo lake.

Pa Chitakale tinaima kumwetsa petulo. Mtsikana wothira anafunsa ngati aone oilo ndi madzi. Ine ndinati eya, Feston anati ayi, ndipo ayi wakeyo anatuluka eya wanga asanathe. Mtsikanayo anatiyang'ana tonse awiri, nasankha yemwe anali ndi chikwama.

Pa Chonde linali tsiku la msika. Akabaza anatizinga mpaka tinaima, ena akugwira masipoko, ena akujambula ndi mafoni. Pakati pawo panatulukira a Sikweya, nkhalamba yomwe inkayendetsa thirakitala ku esiteti, omwewo amene anakoka Dona kubwera naye kwathu. Anandipatsa moni wa Chilomwe, ine n'kuyankha. Kenako anasanjika dzanja pa boneti, napendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi.

"Mai a Joyi, Dona wanuyu anapita ku sukulu iti? Akulankhula chinenero china."

"Funsani amene anamulipirira fizi."

Feston analiza hutala, anthu n'kupatuka. A Sikweya anatsala ataima pakati pa msewu, dzanja lidakali m'mwamba.

Titadutsa Luchenza n'kuyamba zitunda za ku Thyolo, ndinasiya kuyang'ana kunja, maso ndinaika pa dzanja la Feston. Zitunda zimenezo Dona ankazikwera pa giya yachiwiri, a Waisoni akumunyengerera ngati mwana wokana phala. Tsiku limenelo ankangouluka. Titafika posalala, dzanja la Feston linakankhira ndodo ya giya kumanja n'kupita nayo kutsogolo, malo omwe kunalibe giya chibadwire.

"Dona ali ndi magiya anayi," ndinatero. "Ndawerenga asanu."

"Mwawerenga molakwa, amayi."

"Ndinabereka ana asanu. Kufika pa faifi ndimatha."

Anayatsa wailesi. Nayonso inali yatsopano.

Pa Bvumbwe apolisi a pa rodibuloko anatiimitsa nthawi yaitali popanda mlandu. Aliyense ankafuna chithunzi ataima pambali pa Dona, ndipo wamkulu wawo anafunsa ngati agogo ndi amene amayendetsa Lamulungu. Ndinawapempha kuti ayang'ane nambala ya injini, poti ndi ntchito yawo. Anaseka, ati agogowa ndi anthabwala. Feston nayenso anaseka, thukuta likutsika m'khosi kunja kukuzizira.

Pa galasi lakutsogolo panali kapepala komata kolembedwa dzina la garaja ndi malo ake, kuseri kwa msika wa Limbe. Ndinali nditakawerenga kuyambira pa Chonde mpaka kukaloweza. Tikulowa mu Limbe ndinati tipatukireko ndikawathokoze amakanikowo.

"Atseka lero."

"Lachisanu?"

"Ndi Asilamu, amayi."

"Asilamu amatseka masana. Pano teni koloko sinakwane."

"Tichedwa. Lilongwe ndi kutali."

Mu Blantyre tinakwawa pa mndandanda wa galimoto pafupifupi ola lathunthu. Dzuwa linatuluka, Feston n'kutsitsa tenti, ine ndinamanga duku kawiri. Lunzu, Lirangwe, msewu n'kuyamba kutsetserekera ku Shire, mphepo ikutentha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Titangowoloka mlatho pa Zalewa, kutsogolo kunamveka phwaa, ngati munthu wamenyedwa ndi lamba. Kasingano ka kutentha kanakwera mpaka kumapeto, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Feston anapatukira pambali, pafupi ndi amayi ogulitsa malambe.

"Amayi, pitani mukakhale pamthunzi apo. Ndikugulirani chakumwa."

"Ndili bwino pompano."

"Dzuwali likudwalitsani."

"Ndathyola tiyi padzuwa iwe uli kumsana."

Ndinatsika n'kukaima kutsogolo kwa galimoto, masipanala m'khwapa. Feston anapita chapatali n'kumaimba foni, akuyenda uku ndi uku. Anabwerako, nandiyang'ana, nayang'ana loko, napitanso. Nthunzi inatha. Malole ankadutsa n'kumatiwaza fumbi. Mayi mmodzi wa malambe anandibweretsera kampando, ndinathokoza koma sindinakhale, chifukwa kampandoko anakaika pamthunzi. Tinakhala choncho kupitirira ola, mwana ndi mayi wake, galimoto yofuna kutsegulidwa ili pakati, wina ali ndi kiyi, wina ali ndi maso.

Amayi aja ndi amene anatuma uthenga kwa amakaniko. Anabwera pa njinga, bambo wa imvi, ovolosi yodula mikono, thumba la zitsulo pa kaliyala. Atangoyamba kumasula thumbalo ndinawaimitsa.

"Bambo, zanuzo zibwerere m'thumba. Galimoto iyi ili ndi zake."

Ndinayala kapulana pa madigadi. Bamboyo anapukuta manja pa ovolosi asanakhudze. Ananyamula imodzi, naitembenuza, nawerenga nambala.

"Za mainchi," anatero. "Zoterezi ndinaziona komaliza kwa amalume anga ku njanji. Bwana, tsegulani tione."

Feston anapisa m'thumba la malaya. Kiyi uja sanali pansi pa chikwama chilichonse.

Boneti itakwera ndinayang'ana kumene kumakhala mabelu. Kunalibe. Kunali chipulasitiki chakuda ndi mawaya ambirimbiri omangidwa ndi tepi. Maso anandiuza zonse nthawi yomweyo. Koma maso a nkhalamba anthu amawatsutsa, monga anatsutsira makutu anga ndi kuwerenga kwanga. Ndinafuna chitsulo chinene chokha.

"Fanibeluti yaduka," anatero amakaniko. "Pomwe anawotcherera apa papindika, ndiye imakhula. Ndimasule bawuti iyi."

"Masulani ndi izi."

Anatenga ya hafu inchi, inaterereka. Anatenga yotsatira kumunsi, inakana kulowa. Anandiyang'ana, ine ndinawalozera zotsalazo. Munthu uja anali waulemu. Anayesa zonse zisanu ndi zinayi, ngakhale zazikulu zomwe mwana angaone kuti sizingagwire, akuzibweza pa kapulana imodziimodzi m'malo mwake. Amayi a malambe anali atasiya malonda.

"Pepani, agogo," anatero. Anapisa m'thumba lake, natulutsa sipanala wamba ya mamilimita thwelofu, yogulidwa pa msika uliwonse. Inalowa gwa, ngati inabadwira pomwepo. "Injini iyi ndimaidziwa kuposa mkazi wanga. Ndi ya ku Japan, ya timapikiapu tonyamula makala iti. Ndi giyabokosi yomwe. Yabwino ndithu, siivuta."

Ndinakulunga masipanala anga pang'onopang'ono. Chibadwire Feston ndinkamuti iwe. Pa Zalewa ndinasiya.

"Bambo a Tadala, injini ya amuna anga ili kuti?"

"Amayi, musatero."

"Ndakufunsani."

"Inali itatha, amayi. Sipeya zake kulibe m'dziko muno. Mumafuna mkwatibwi akafere panjira?"

"Tafera panjira ndi yanuyi. Ili kuti?"

"Inatsala ku garaja."

"Munati mabuleki ndi matayala."

"Ndikanakuuzani mukanakana. Inu mumakana chilichonse. Galimoto ndi yoyenda, amayi, si manda oti muzikasesa Loweruka lililonse. Panopa ikhoza kuyenda zaka zina makumi awiri."

"Tadala akudziwa?"

Anayang'ana amakaniko, ngati yankho lili m'thumba la zitsulo.

Ndinatenga handulo ndi masipanala. Zinanazi, kalongonda ndi chitenje cha ukwati ndinazisiya momwemo. Feston ananditsatira mpaka pakati pa msewu, akuti ukwati ndi mawa, anthu akafunsa akanena chiyani. Ndinati akanene kuti agogo ali ku sevisi.

Minibasi ya ku Blantyre inali itaima tsidya linalo, kondakitala akulumbira kuti yatsala munthu mmodzi. Ndinakwera ndipo tinakhala mphindi makumi anayi, munthu mmodziyo akusanduka asanu ndi matumba awiri a makala. Pa zenera ndinkaona Dona, boneti ili yasa, Feston atagwira m'chiuno. Sanawolokenso. Kondakitala anafuna kundilipiritsa handulo ngati katundu. Ndinamufunsa ngati akufuna aione pafupi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Pambali panga panakhala mayi wonenepa wa beseni la usipa. Anandiyang'ana kangapo, kenako anandigwira bondo.

"Mayi, nkhope iyi ndi ya maliro. Mukupita ku zovuta?"

"Eya."

"Pepani. Atisiya ndani?"

"Mkazi mnzanga."

"Wa mitala?" Anatembenukira a kumbuyo. "Mwamva? Akulira mkazi mnzawo. Ine wanga atafa ndingaphike mpunga." Basi yonse inaseka, wina n'kunena kuti mitima yotere inatha ndi nthawi ya atsamunda. Mayiyo anandipatsa chinangwa chootcha, ndinalandira n'kusunga. Sindidya za munthu yemwe sindikudziwa kwawo.

Pa Lirangwe minibasi inatha mafuta. Kondakitala anatsika ndi chigubu n'kukwera kabaza, ife n'kutsala tikupsa, usipa ukununkha. Atabwerako n'kuthira, dalaivala analiza injini, ndipo ndinazindikira mawu aja. Anali omwewo amene ndinawamva pa geti langa Lachinayi. Ndinali nditayenda kuchokera ku Limbuli mpaka ku Zalewa m'minibasi yovala diresi la Dona.

Ku Blantyre ndinasintha n'kukwera ya ku Limbe. Ndinafika kuseri kwa msika cha m'ma folo koloko. Garaja inali yotsegula, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Mwini wake, bambo wamtali wa magalasi omangidwa ndi waya, atamva kuti ndine mayi wa Feston anandipatsa mpando wochotsedwa m'galimoto. Uwu ndinakhalira, miyendo inali itakana.

"Ndabwera kudzatenga injini ya amuna anga."

Anavula magalasi. "Mayi, mwachedwa ndi sabata imodzi. A zitsulo anaitenga. Inali yolemera, ndiye anaiswera pa geti pomwepo ndi chihamala kuti ikwere pa lole."

"Mabelu?"

"Makabuleta aja? Anagula mzungu wina wosunga galimoto zakale."

Ndinafunsa ngati inalidi itatha. Bamboyo sanathamangire kuyankha, ndipo chifukwa cha chimenecho ndinamukhulupirira pang'ono.

"Kunena zoona, ayi. Munthu amene ankaisamala ankadziwa. Inkazungulira bwinobwino. Inkangofuna gasiketi yatsopano, chifukwa madzi ankalowa pang'ono. Tinawauza ana anu kuti atipezere masipanala a mainchi. Anati amayi akana. Anyamata anga anayesa ndi athuwa, manati a pa hedi, mutu wa injini, n'kudyeka. Anatenga tchizulo, mabawuti awiri n'kuthyokera m'kati. Masiku anali atatha. Ana anu anati ikani ina."

Kapulana pamiyendo panga ankalemera kuposa m'mawa.

"Loko uja anaika ndani?"

Anamwetulira, poganiza kuti akundiuza chinthu chokoma. "Ameneyo ndi mkwatibwi. Anabwera ndi bambo ake kudzaona penti. Anati, ikani loko pa boneti, agogo anga ali ndi maso ngati a kadzidzi, ukwati ukadutsa tidzawauza. Anakagula yekha pa msikapo. Amakudziwani bwino mwana ameneyu."

Amandidziwadi. Ndine ndinamuphunzitsa kukhoma chitseko kawiri.

Ndikudzuka kuti ndizipita, ndinaona pansi pa benchi chinthu chachitali ngati kamwadiya, chodzaza palafini wakuda, mabawuti atanyikidwamo. Chinali chivundikiro cha pamwamba pa injini ya Dona, atachigadamiza n'kuchisandutsa chotsukiramo. Ndinakhuthula palafiniyo pansi osapempha. Nditachitembenuza n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje, kachitsulo ka mkuwa kaja kanali pomwepo. A Waisoni anakakhomerera tsiku lomwe Dona analira koyamba, atalembapo ndi msomali mayina a ana athu asanu. Joyi, Edina, Witinesi, Maliko, Feston. Atatu mwa amenewa ali kumanda. Wotsirizayo dzina lake linapulumuka pa sikelo ya a zitsulo chifukwa choti anyamata a pa garaja analibe beseni.

"Ichi ndatenga."

"Tengani, mayi," anatero bamboyo. Anandipatsanso nati imodzi ya mutu wobulungira yomwe inkamanga chivundikirocho, ati inatsalira m'palafini.

Ndinagona ku Bangwe kwa mnzanga wa mumvano yemwe sanandifunse mafunso. Loweruka m'mawa ndinakwera basi ya ku Muloza, chivundikiro pamiyendo ngati mwana. Nthawi yomwe Tadala ankalowa m'tchalitchi ku Lilongwe, ine ndinali pa Chonde, basi ikudikira anthu. A Sikweya anali pa khonde la sitolo. Anandiona pa zenera, naona chomwe ndinanyamula. Anangovula chipewa mpaka basi inanyamuka.

Ndikudziwa zomwe ena a inu mukuganiza, chifukwa inenso ndaziganiza kuchokera pa Limbe mpaka pa geti langa, ndi masiku onse otsatira. Ndikanapereka masipanala aja, mwina Dona akanakhala akutsokomola mpaka lero. A Waisoni anandichenjeza za mlendo wobwera ndi sipanala yake. Sanandiuze chochita ndi mwana wanga wobwera wopanda sipanala. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndidzakawauza ndekha ndikadzawapeza. Koma nati ikadyeka, munthu umakwera basi n'kubwera kudzanena kuti amayi, nati yadyeka. Limbe si kutali. Iwo anakagula loko.

Ndamva kuti ukwati unayenda bwino, ndipo Dona anafika atamangidwa maliboni. Ndamvanso kuti masiku ano amabwerekedwa ku maukwati a anthu ena kumeneko, ndipo savuta. Feston waimba foni kanayi. Tadala anatumiza chithunzi pa foni ya mwana wa aneba, atakhala pa mpando wanga, boneti ikuoneka bwino. Loko anali atachotsa. Ndinayang'ana kamodzi n'kubweza foniyo.

M'shedi mwatsala milu inayi ya njerwa ndi banga lakuda la oilo pakati pake. Sindinalole kuti alikolope. Chivundikiro chija ndinachitsuka n'kuchikhazika pamenepo. Loweruka lapitali ndinatenga nati ija n'kuyesa masipanala a a Waisoni. Yachitatu inalowa gwa. Ndinakhala pa njerwa nditaigwira choncho mpaka mphaka anabwera kudzandifunsa za chakudya.

Miyendo yanga sinabwerere mwakale chichokere ku Zalewa, ndipo Joyi ali kutali ku Joni. Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamadutsa pa Limbuli patukani mudzandione. Funsani akabaza kuti kwa mai a Joyi a galimoto ndi kuti, dzinalo sanandichotsere. Mukafika pa geti muime pomwepo, muodire mokweza, manja onse awiri aoneke. Ndidzayamba ndakuyang'anani pa zenera, ndipo ndikachedwa musakwiye. Koma mukaodira katatu, nsalu ya pa zenera osagwedezeka, musabwerere. Kankhani geti mukayang'ane m'shedi.